Tsiku Limene Goneka Anaimika Foni

Faida atalowa mu ofesi ya apolisi Lolemba m'mawa, choyamba kuchiona sanali mwamuna wake. Inali njinga. Anali ataitsamiritsa kukhoma, mphira zomangira katundu zili lende pa kaliyala. Njinga ya kabaza imeneyo ndiyo inkawadyetsa atatu: iyeyo, mwamuna wake Taufiq, ndi kamwana kawo Nasir kamene kanali m'tulo kumbuyo kwake. Tsopano njinga inali mboni, mwini wake ali m'chitokosi.

"Ndinu akunyumba kwa Taufiq?" anafunsa wapolisi wa patebulo, bambo wa mimba yake amene anzake ankangomutchula kuti a Sajeni.

"Ndine, bwana. Ndabwera ndi phala. Ndabweranso ndi funso."

"Phala liyambe kulowa, limazizira. Funso silizizira."

Nkhani yake inali yotere. Loweruka kunali chinkhoswe cha Easter, mwana wa a Alufeyo, anansi awo ku Ndunde. Mphatso yaikulu imene bambowo anakonzera mwana wawo inali makina osokera akale, akuda, olembedwa maluwa agolide, ndipo anawasunga m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Nthawi yopereka mphatso itakwana, anthu anakapeza tebulo lokhalokha. Mutu wa makina, chitsulo cholemera ngati mwana woyamba kuyenda, unali utazulidwa. Faida sanapiteko ku mwambowo chifukwa Nasir anali atatentha thupi. Taufiq ndiye anaswera komweko, akututa mipando ndi makreti a zakumwa.

Anamutulutsa kuti adzalandire phala. Maso anali psu, malaya omwe aja a dzulo.

"Mayi a Nasir, wallahi, m'thumba ndinanyamula lija munali batire," anatero asanatsegule n'komwe kontena. "Batire la masipika linatha moto. Mwini wake Aubrey anandiitanira kuseri, n'kundipatsa kiyi wa shopu yake kuti ndikasiye lakuthalo, nditenge lina. Basi."

"Aubrey wakana," anatero a Sajeni mosathamanga. "Akuti sanatume munthu. Akuti chiyambire mwambo mpaka kutha iye anali kutsogolo, akujambula. Ndipo umboni wachokera mufoni mwake momwemo. Taonani nokha."

Anamulozetsa foni. Kanema anadzaza galasi lonse, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Easter ankavina atamanga chitenje chofanana ndi duku, amayi akumuimbira. Kenaka kumbuyo kunatulukira Taufiq, akukankha njinga kuchokera kuseri kwa nyumba, pa kaliyala pali chinthu cholemera chokutidwa ndi thumba.

Faida anaonera. Anapempha kuti abwereze. Panali kanthu kena kamene kankamukanda m'mutu, ngati kamwala kolowa mu nsapato.

"Bwana, mwati wajambula ndani?"

"Aubrey."

"Aubrey wake uti? Goneka?"

A Sajeni anakweza zikope.

Ku Ndunde kunalibe munthu wosadziwa chiyambi cha dzinalo. Aubrey, mnyamata wa masipika ndi wojambula pa zikwati, sankapirira kuona munthu akujambula foni itaimirira. Kaya ndi pampira, kaya pa ubatizo, kaya pa Eid, umangomva mawu kumbuyo kwako: "Gonekani foni, akulu! Gonekani!" Faida mwiniwake anamulanda foni m'manja tsiku lina pamene ankajambula Nasir akukwawa, n'kuitembenuza chammbali ngati akutembenuza chitumbuwa. Mpaka ana anasiya kumutchula Aubrey.

"Mayi," anatero a Sajeni, "khoti silifunsa ngati foni inagona kapena inadzuka. Mawa amuna anuwa akupita kuboma."

Faida anamangitsa mbereko pachifuwa.

"Bwana, mbuzi ikhoza kukana chimanga. Koma Goneka saimika foni."

* * *

Kwa a Alufeyo amayi anali akubweza miphika yobwereka. Atamuona Faida, macheza anaduka ngati ulusi. Iye anawapatsa moni mmodzimmodzi, mosaphonya ndi mmodzi yemwe, n'kupitirira kukhonde kumene Easter anakhala yekha akusenda nandolo.

"Achemwali, ine sindinanene kuti ndi alamu," Easter anayamba yekha, mothamanga monga mwa chizolowezi chake. "Ine ndinali bize kuvina, sindinaone kanthu. Anthu ndi amene akunena. Kanema ndi amene akunena."

"Sindinabwere kudzakangana, Easter. Goneka anakutumizira makanema onse?"

"Onse. Foni mpaka kudzaza."

"Tandionetsa."

Easter anapukuta manja n'kuyamba kutsegula mmodzimmodzi. Kufika kwa akuchimuna. Kuvundukula atsikana ofunditsidwa zitenje kuti mkamwini apeze wake. Malangizo a ankhoswe. Onsewo anali ogona, timizere topyapyala pakati pa galasi, anthu ake ngati nyerere. Mmodzi yekha ndiye anali chiimire, yemwe uja wa Taufiq.

Faida anautsegulanso, koma ulendo uno sanayang'ane. Anaika foni kukhutu, n'kutsinzina.

"Mukuonera ndi khutu?" Easter anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo.

"Khala chete. Wamva? Masipika sakulira. Amayi akuimba ndi pakamwa."

"Eya, nyimbo zinazima kanthawi. Ndimayesa ndi dala, kuti amayi aimbeko zachikhalidwe."

"Nanga iyi?"

Mufonimo munalira nthungululu, yapafupi kwambiri moti mawu anachita kuphwanyika. Inakwera, inakwera, n'kuthera pa kakutsokomola. Ndipo nthawi yomweyo chithunzi chinagwedezeka, kusonyeza kuti woluluta ndi wogwira foni anali munthu mmodzi.

Easter anaika dzanja pakamwa. "Iii! Amenewo ndi azakhali a Dorothy! Nthungululu yawo imathera choncho, ngati njinga yamoto yokana kulira."

"Goneka amaluluta?"

"Aaa, achemwali inunso!"

Pomwepo a Alufeyo anatulukira pakhomo, bambo wowonda, wosachedwa pa mawu. Anamuyang'ana Faida, n'kuyang'ana mwana kumbuyo.

"Mwana ali bwanji?"

"Thupi lazizirako, bambo."

"Chabwino. Ine ndi Taufiq sitinayambanepo. Angobweza. Makina amene aja ndi a malemu amayi anga. Sagulidwa m'sitolo."

Analowanso m'nyumba. Faida anatembenukira kwa Easter.

"Azakhali akowo amakhala kuti?"

"Ku Nchema, kwawo kwa adadi."

* * *

Asumani, mnzake wa Taufiq pa siteji ya kabaza, anamunyamula osafunsa zambiri. Anangoti, "Alamu, gwirani mwana, msewu wa uku ndi wa mano."

Anawapeza a Dorothy pabwalo akuyanika chigwada pamphasa. Anali mayi wathupi, wa mawu otha kudzutsa mudzi wa kutsidya.

"Mosheliwa, mosheliwa!" analonjera m'chinenero chakwawo. "Kodi si mkazi wa wakabaza uja? Khala apa, mwana iwe. Pepa ndi zimene zakugwera. Amuna, mwanawe, amuna! Umagona naye mphasa imodzi koma mtima wake uli ku Limbe."

Faida anamasula Nasir kuti amukhazike pansi. Monga mayi aliyense, anayamba wayang'ana nyerere. Zinalipo zambiri, zitaunjikana pa mbale ya zitumbuwa imene inasiyidwa pafupi ndi khonde. Anamusunthira mwanayo uko, pafupi ndi dengu lalikulu limene linali litatsukidwa n'kuyanikidwa mozondotsa. Pansi pa dengulo panali banga lakuda la mafuta, lokana kuchoka.

"Dengu langa lawonongeka," anatero a Dorothy ataona kumene Faida ankayang'ana. "Mafuta ophikira anatayikiramo pa chinkhoswe pomwe paja. Ukathandiza abale umabwerako ndi mabanga."

"Pepani. Mayi, ndabwera kudzafunsa za foni ya Goneka."

"Foni yake yatani?"

"Munaigwirako Loweruka?"

A Dorothy anaseka mpaka chigwada chinagwa m'manja. "Wandidziwa bwanji? Nthungululu eti? Imandigulitsa imeneyi! Eya, ndinaigwira. Ine chifikireni m'mawa ndinali phee pamphasa, bondo ili silindilola zoyendayenda. Ndiye anandigwiritsa nkhuku, msoti uja wokapereka kwa akuchimuna, poti ankhoswe anali asanakonzeke. Ndili choncho nkhuku kukhwapa, nyimbo zija zii. Kamnyamata kaja n'kubwera kali wefuwefu. 'Azakhali, tagwirani, musadine paliponse, koma gonekani, gonekani!' Ine ndinati, iwe, amagoneka mwana, foni ndi mwana? Dzanja limodzi lili ndi nkhuku, ukufuna ndigoneke ndi mano?"

"Ndiye anapita kuti?"

"Kuseri. Anakhalitsako ndithu, nyimbo ya amayi mpaka kutha, n'kuyamba ina."

Tsopano Faida anadziwa. Goneka ananama. Anachokapo, ndipo anapita komwe kunali makina.

"Munganene zimenezi pamaso pa apolisi?"

"Ndinganene ngakhale pamaso pa abusa. Koma usadzinamize, mwana iwe, sizimuchotsa mwamuna wako mu kanema. Ine ndinkajambula mwana wa achimwene anga. Iyeyo anangodzilowetsamo yekha ndi thumba lake." Anapukusa mutu. "Makina amene aja! Amayi anga anatisokera madiresi a Khirisimasi pamenepo, ine ndikupukusa chogudumu ndi dzanja lamba akaduka. Ndimawadziwa kulira kwake ngati mawu a munthu. Koma ndi mmene zilili, zinapita."

Nasir anali atakwawira pa dengu, akumenya pansi pake ndi kachikhatho. Faida anamunyamula, n'kumupukuta dzanja ndi nsonga ya chitenje. Kadzanjako kankanunkha kafungo kena, osati ka mafuta a mandasi. Anayang'ananso banga lija, n'kuyang'ana mbale ya zitumbuwa yakuda ndi nyerere. Pa dengu panalibe nyerere ndi imodzi yomwe.

Sanadziwe chochita nako kanthu kameneko. Anangokasunga, monga amasungira kansalu kotsala posoka.

* * *

Shopu ya Aubrey inali pamsika, kachipinda kodzaza mawaya, mafoni otchajitsa ndi tivi yaikulu yopachikidwa kukhoma. Mwini wake, mnyamata wamtali wa kandevu kosongoka, atamuona Faida anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta tebulo loyera kale.

"Alamu! Mwabwera kudzatchajitsa?"

"Ndabwera kudzaphunzira, achimwene. Paja munandiuza kuti foni tizigoneka. Ndaiwala chifukwa chake."

Aubrey anamuyang'ana mokayika, koma nkhani imeneyi inali ngati thobwa kwa iye, sakanaikana.

"N'zosavuta, alamu. Maso athu Mulungu anawaika chammbali, wina uku wina uku, osati wina pamphumi wina pachibwano. Tivi nayo ndi yogona. Ukagoneka foni umatenga bwalo lonse, mkwati, ankhoswe, ngakhale galu wodutsa. Ukaimika, uli ngati munthu wosuzumira pa chitseko chotsegula pang'ono. Umaona munthu mmodzi, thambo ndi fumbi. Zoimikazo ndi za ana ongofuna zoika pa sitetasi ya pafoni."

"Ndiye inu simuimika?"

"Ine? Ndingadwale."

"Loweruka munadwala?"

Nsalu yopukutira ija inaima.

"Ndachokera ku Nchema," anatero Faida, akumuyendetsa Nasir pabondo. "A Dorothy akupatsani moni. Akuti nkhuku inawavuta kukhwapa."

Aubrey anakhala pansi pa sipika. Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu.

"Alamu, ndimvetseni. Katundu wanga yense ndinasunga m'kachipinda komwe kaja munali makina. Batire ndinakalitenga mmenemo. Anthu atayamba kukuwa kuti makina asowa, ndinadziwa kuti akamva zoti ndinalowamo, chala chiloza ine. Ndani angaitanenso wojambula wakuba pa ukwati wake? Ndinangoti ndinali kutsogolo. Ndimayesa Taufiq amufunsa n'kumusiya."

"Wagona m'chitokosi. Mawa akupita kuboma."

"Ndikanena, alamu. Ndikanena kuti ndinamutuma. Koma makina sindinabe ine, ndikulumbira. Pamene ndinkalowa kukatenga batire, patebulo paja panali povundikira ndi nsalu. Sindinasuzumire."

Faida anamuyang'anitsitsa. Wamantha, inde. Koma wakuba akanapereka yekha kwa apolisi kanema woimirira, iye Goneka, osaona kuti akudzigwiritsa?

"Kanema ameneyu munamupeza bwanji?"

"Sindinkamudziwa n'komwe. A Dorothy ndi amene anandikumbutsa madzulo ake. Anati, 'Iwe, taonanso bwino zimene ndinajambula zija, mwina muli kanthu.'"

"Tamuikani pa tivi."

Aubrey analumikiza waya. Pa tivi yaikuluyo kanema uja anaoneka ngati mzati wowala pakati, uku mdima, uku mdima.

"Mwaona kunyansa kwake?" anayamba Aubrey.

"Shh."

Easter ankavina pakatikati pa mzatiwo. Kenaka anayamba kutsetserekera kumanzere. Phewa linatuluka, nkhope inatuluka, mpaka kunangotsala nsonga ya duku. Pakati pa chithunzi tsopano panali Taufiq ndi njinga yake, ndipo chithunzicho chinayenda naye, pang'onopang'ono, mpaka anakafika pa mpanda. Atapita, chinabwerera kwa Easter.

Pa foni yaing'ono Faida sanazione zimenezi, maso ake anali pa mwamuna wake basi. Apa zinali poyera.

"Achimwene, mwati kuimika foni kuli ngati kusuzumira pa chitseko?"

"Eya."

"Ndiye munthu angadzilowetse yekha pa kampata koteroko, n'kukhalamo mpaka kumpanda?"

Aubrey anakanda kandevu. "Ayi. Foni yogona imatola ndi zimene sunazifune. Yoimirira imatenga chokhacho chimene wailozetsa."

"Mwana wa achimwene ako akuvina pa chinkhoswe chake. Iwe ukumusiya, n'kulozetsa foni kwa wakabaza wonyamula thumba. Chifukwa chiyani? Nthawi imeneyo palibe amene ankadziwa kuti makina asowa."

"Kupatula..." Aubrey sanamalize.

"Tsegulani ogona aja. Yambani ndi a m'mawa."

Anaonera kufika kwa alendo, kuyalidwa kwa mphasa, ana akuthamangitsana. Pa tivi anthu amene pafoni anali nyerere anasanduka anthu enieni, nkhope zawo n'kumadziwika. Kenaka anafika pa kanema wa kulowa kwa akuchimuna. Mzere wa amayi unkalowa pachipata ukuimba, malichero ndi madengu a mphatso pamitu, khamu lonse litatembenukira komweko.

Faida sanayang'ane pakati. Anayang'ana m'mphepete.

"Imitsani! Bwezani pang'ono. Apo, kumanja kwenikweni, kuseri kwa mtengo wa mapeyala."

Madengu onse ankalowa. Limodzi lokha linkatuluka. Linali lalikulu, lovundikira ndi chitenje, ndipo amene analisenza ankadutsa kampata ka kumunda, msana ku khamu. Ankayenda mwachangu ndithu, bondo losavuta konse.

"Mwina akukataya zinyalala," ananong'ona Aubrey.

"Taonani khosi. Dengu la zinyalala umalisenza manja ali pansi, ukucheza. Awa agwirira manja onse awiri, khosi lalowa m'mapewa. Mmenemo muli chitsulo."

Pa mpata penipeni, wosenzayo anacheuka kamodzi kuti aone ngati wina akumuona. Aubrey anaimitsa chithunzi pomwepo, n'kuchikulitsa.

Faida ananunkhizanso nsonga ya chitenje chake pamene anapukutira dzanja la Nasir. Tsopano analidziwa fungo lija. Ankalimva kwa atelala, pakhonde la sitolo.

"Nyerere sizidya mafuta a makina," anatero.

* * *

A Sajeni anaonera makanema awiriwo pa tivi ya Aubrey, manja kumbuyo. Woimirira anauonera kamodzi. Wogona anauonera mobwereza. Pomaliza anamuyang'ana Aubrey nthawi yaitali mpaka mnyamatayo anayamba kuwerenga mawaya a pansi.

"Iwe tikambirana bwino," anatero. "Tiyeni ku Nchema. Akatengeni a Alufeyo."

Anafika dzuwa litapendeka. Chigwada chinali chitaanulidwa, dengu lija palibe. A Dorothy anatuluka akumanga duku, pakamwa patatseguka kale kuti ayambe malonje, koma ataona mchimwene wawo kumbuyo kwa wapolisi, mawu anabwerera.

"Bondo lili bwanji, mayi?" anafunsa a Sajeni.

Aubrey anatulutsa foni, n'kuigoneka, n'kuwaonetsa nkhope yawo yomwe ili pansi pa dengu. A Dorothy anayang'ana kanthawi. Sanakane, sanalire. Analowa m'nyumba, anthu n'kumva chinthu chikukhukhuluzidwa pansi pa bedi. Anatuluka atachikumbatira ngati khanda, chokutidwa ndi chitenje chakale chofwifwa, n'kuchikhazika pakhonde. Maluwa agolide anawala padzuwa.

"Dorothy," anatero a Alufeyo.

"Musanditchule, achimwene. Ndabera ndani? Makinawa ndi a pano. Amayi anagona m'nyumba iyo, manda awo ali apo. Inu munapita kuchikamwini, mwanyamula makina a amayi kukawaika kwa eni ake ena. Tinakhala chete, timati mwabwereka. Lero mukuwapereka kwa Easter. Easter ndi mwana wanu, inde, ndimamukonda, koma mbumba yake ndi ya ku Ndunde. Ana anga aakazi ali pano, adzukulu a amayi enieni, akusokera zigamba ndi singano wa m'manja. Chinthu cha amayi chimatsata ana aakazi. Kapena chasintha liti?"

A Alufeyo anayang'ana pansi. A Sajeni anakhosomola, osalowererapo.

Faida anamva kuti mawuwo anali ndi mutu. Kwawonso zinthu zinkayenda choncho, mphika wa mayi sumapita kwa mkamwini. Akanakhala kuti anakumana nawo pachitsime n'kumva dandaulo limeneli, bwenzi atawavomereza. Koma anakumbukira maso ofiira a m'mawa aja, ndi njinga yotsamira khoma.

"Mayi," anatero, osakweza mawu, "ngati makinawa ndi anu, mukanawasenza pamutu n'kutulukira pachipata, anthu onse akuona, inu mukululuta nthungululu yanu ija. Bwenzi lero ili nkhani ya inu ndi achimwene anu, ankhoswe akukhalirani pansi. Koma inu munadzera kumunda. Kenaka munatenga katundu wanuyo n'kumukweza pa njinga ya mwamuna wanga."

"Ine sindinanene kuti waba ndi iyeyo."

"Simunanene ndi pakamwa. Munaloza."

A Dorothy anacheuka. Anayang'ana Nasir, amene ankawamwetulira kuchokera kumbuyo kwa mayi ake, akuwatambasulira kadzanja komwe kaja. Kwa nthawi yoyamba chifikire alendowo, mayiwo anagwetsa nkhope.

"Za makina mukakambirana pachibale, kapena kwathu, musankha," anatero a Sajeni. "Koma za munthu amene wagona m'chitokosi chifukwa cha inu awiri, zimenezo ndi zanga. Nyamulani, tizipita."

A Alufeyo anawerama kuti anyamule makinawo. A Dorothy nawo anawerama. Manja awo anakumana pa chitsulocho, wina mbali iyi, wina mbali iyo, ndipo palibe amene anasiya. Anayenda choncho mpaka kumsewu, atagwirizira, osayang'anana.

* * *

Taufiq anatuluka dzuwa lisanalowe. Choyamba anagwira mutu wa mwana wake, kenaka anagwada n'kutsinya matayala a njinga, lakutsogolo ndi lakumbuyo.

"Alhamdulillah. Mpweya ulimo," anatero. "Mayi a Nasir, mwawauza chiyani anthuwa?"

"Palibe. Ndangofunsa amene anagwira foni. Kwezani mwana, mawa m'mawa kuli msika, mwaluza kale masiku."

Aubrey anali ataima chapatali, akudikira nthawi yake yolowa kwa a Sajeni. Anayandikira mwamanyazi, chipewa m'manja.

"Achimwene, pepani. Ndinachita mantha. Chinkhoswe cha mwana wanuyu ndidzajambula ulere."

"Mwanayu sanamere ndi mano omwe," anatero Taufiq. "Uyambe kaye kumanyamula mabatire ako wekha."

Faida anapereka foni yake kwa Taufiq kuti amugwirire pamene ankamanga bwino mbereko. Taufiq, pofuna kuonetsa abale ake kuti watuluka, anaikweza m'mwamba, chiimire, nkhope yake yokha itadzaza galasi. Aubrey anatsegula pakamwa mwachizolowezi, koma anadzigwira, n'kumeza mawu.

Faida ndiye anatambasula dzanja. Anaigwira foniyo, n'kuitembenuza chammbali. Mu galasi munalowa Taufiq, iyeyo, Nasir, njinga, khomo la apolisi, ndi Aubrey kumphepete atagwira chipewa chake.

"Gonekani," anatero. "Tizioneka tonse, ndi a m'mbali omwe."